Agogo Amene Anamwalira Osadziwa

Panali munthu wina wachikulire, wometa tsitsi, ndipo amene anandiuza nkhaniyi akulumbira kuti inachitikadi. Madalawa ankalera adzukulu awiri, mtsikana wa ku pulayimale ndi kamlongo kake kakang'ono, ana a mwana wawo wamkazi amene anamwalira. Onse atatu ankagona m'chipinda chimodzi kuseri kwa shopu yometeramo.

Tsiku lina analengeza pa wailesi kuti boma layamba kuthandiza agogo ndi achibale amene akulera ana amasiye. Sipanapite nthawi, kunatulukira mwana wawo wamwamuna, chitsirizira. Anthu ankamutcha Zamawa, chifukwa chilichonse kwa iye chinali "tiona mawa".

"Bambo, ndi miyendo yanu yotupayi simungaime pa mzere wa ku ofesi. Ndisiyireni ine. Koma pali vuto. Anthu a boma amabwera kudzaona pogona ana. Akadzaona kachipinda aka, adzakulandani anawa n'kuwapititsa kosungira ana amasiye."

Madala anafunsa mwamantha:

"Ndiye titani mwanawe?"

"Akakhale kwathu masiku ochepa. Akangoona nyumba yanga n'kuvomereza, ndibwera nawo."

Mayi wosoka zovala wa shopu yoyandikana anamva zonse, poti khoma lake linali la matabwa. Zamawa atachoka, analowa.

"Achimwene, pitani nokha ku ofesiko mukamve ndi makutu anu. Nditseka shopu ndikuperekezeni. Munthu amene sanawagulirepo anawa ngakhale pensulo, chikondi wachitola kuti lero?"

"Achemwali, ameneyu ndi mwana wanga wobala ndekha. Angandinamize ine?"

Anawalongedzera zovala adzukulu aja, n'kumumeta kamnyamatako kuti akaoneke bwino pamaso pa a boma. Zamawa anawatenga.

Masiku ochepa aja anasanduka miyezi. Madala akaimba foni, yankho linali lomwelo: "Sanabwerebe, mukudziwa zinthu za boma." Akapempha kulankhula ndi ana, ankauzidwa kuti ali kosewera.

Tsiku lina kunabwera aphunzitsi a mtsikana uja kudzametetsa. Ali pampando anafunsa kuti, "Kodi mdzukulu wanu munamusamutsira sukulu ina? Teremu yonse sitinamuone."

Madala anatsala pang'ono kuwadula khutu aphunzitsiwo. Atamaliza anatseka shopu n'kuthamangira kwa Zamawa. Anapeza mtsikana uja akuchapa mulu wa zovala, khanda la mkazi wa amalume ake lili kumsana. Kamnyamata kaja kanali pa geti, kakugulitsa maswiti. Mpongozi wawo anangosuzumira pa windo.

"Amuna anga kulibe," anatero mosawapatsa n'komwe mpando, "eni nyumba achoka. Mubwere mawa."

M'mawa mwake madala anagogoda kwa mayi wosoka uja. Mayiyo sanawaseke. Anangotenga chikwama chake, ulendo wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana. Mzere unali waufupi, ndipo okalamba ankawalowetsa poyamba.

Mayi wa mu ofesimo atamva mayina a ana, anayang'ana pa kompyuta.

"Thandizo la ana amenewa linayamba kutuluka kalekale. Akulandira ndi amalume awo. Nanga inu ndinu ndani?"

"Ndine agogo awo. Ndawalera ine chimwalirireni mayi awo."

Mayiyo anavula magalasi.

"Bambo, amalume awo anatiuza kuti agogo a anawa anamwalira chaka chatha. Analira pampando mwakhalapowo."

Madala anafunsa chapansipansi ngati n'zoona kuti munthu wa chipinda chimodzi amalandidwa ana.

"Anakuuzani zimenezo ndani? Thandizoli analikonzera anthu ngati inuyo."

Tsiku lomwelo mayiyo anapita nawo kwa Zamawa pa galimoto ya ofesi. Anamupeza pakhonde akupukuta njinga yamoto yatsopano. Ataona bambo ake akutsika limodzi ndi a boma, sanagwe nkhope.

"Madam, musawamvere awa. Ndi madala ena ake a m'dera lino, mutu wawo suyenda bwino. Sindikuwadziwa n'komwe."

Asanamalize, kamnyamata kaja kanataya maswiti n'kuthamanga kakukuwa, "Agogo! Agogo, mwabwera kudzatitenga?" Kanawakumbatira miyendo yotupa ija osafuna kuwasiya.

Ana anabwerera kuseri kwa shopu, thandizo linayamba kufika kwa agogo awo, ndipo Zamawa anatengedwa ndi apolisi. Koma mtsikana uja anabwereza kalasi, ndipo mpaka lero akamva njinga yamoto amathawira m'nyumba poganiza kuti ndi amalume ake.

Mlandu usanalowe m'khoti, achibale anadzaza shopu ija.

"Magazi ndi magazi, achimwene. Pitani mukamupepesere mwana atuluke."

Madala anapitiriza kutsuka makina awo ometera, osatukula mutu.

"Ndikapepese bwanji ine womwalira? Anandiika m'manda yekha. Akapemphe bambo amene ali moyo."

Phunziro: Ngati mukulera adzukulu kapena ana a m'bale wanu, nkhani ya thandizo la boma kaifunseni nokha ku ofesi, ndipo ngati miyendo ikuvuta pezani wokuperekezani, osati wokupitirani. Munthu amene akukuopsezani kuti musafike kumeneko ali ndi chimene akubisa, ngakhale atakhala wobala nokha. Tumizirani ena uthengawu, ndipo muwawerengere agogo amene alibe foni.