Gome Lomwe Linali Mkuyu

Panali munthu wina ku Domwe, dzina lake Victorino, mmisiri wa matabwa. Ntchitoyi anaiphunzira kwa ansembe ku Lifidzi, ndipo m'zaka za m'ma 1950 munthu akafuna chitseko kapena mpando m'dera lonselo, ankapita kwa iye. Nkhaniyi akuti inachitikadi.

Tsiku lina kunabwera apulofesolo Leonardo, mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzi woyandikana nawo.

"Ndikufuna gome lalikulu loti lizikhala panja, pansi pa mtengo, lodyerapo alendo," anatero a Leonardo. "Koma likhale la mlombwa, loti mvula isaliwononge."

"Musadere nkhawa, apulofesolo. Mlombwa ndili nawo," anayankha Victorino.

Mlombwa analibe. Kuti aupeze anafunika kutsikira kuchigwa, ulendo wautali, pomwe kuseri kwa nyumba yake kunali matabwa a mkuyu, aawisi, omwe anali atayamba kale kufumbwa. Anakhoma gome ndi matabwa omwewo. Timabowo anatitseka ndi phula, n'kupaka utoto wofiirira kawiri mpaka gome linang'anima.

Mkazi wake Rufina anaona zonse.

"Bambo a Sesilia, mkuyu panja sukhalitsa, inunso mukudziwa. Auzeni zoona anthuwo, kapena adikire mukatenge mlombwa."

"Za matabwa zisiyireni ine," anatero Victorino. "Likadzathyoka ndidzati sanalisamale."

A Leonardo atabwera kudzatenga gome, anatulutsa kampeni kuti apale pang'ono kunsi aone mtundu wa thabwa. Victorino anakwiya.

"Mukundiyesa wakuba? Ngati simundikhulupirira lisiyeni, ena aligula."

A Leonardo anachita manyazi, anabweza mpeni m'thumba, n'kunyamula gome lawo pangolo.

Kusamala analisamaladi. Pansi pa mwendo uliwonse anaikapo mwala wafulati kuti chinyezi ndi chiswe zisakwere. Mvula ikagwa ankalipukuta, chifunga chikachuluka ankalifunditsa mphasa, ndipo nthawi ndi nthawi ankalipaka mafuta a nsatsi. Kunja gome linkaoneka bwino. M'kati linkadyeka.

Patapita zaka zingapo, Ricardo, mwana wa a Leonardo, anakwatira Sesilia, mwana yekhayo wa Victorino. Mwana wawo woyamba atabatizidwa, a Leonardo anakonza festa, phwando lalikulu, pakhomo pawo, anapha nkhumba, n'kuitana abale onse.

Victorino atangolowa pabwalo anaona gome lija. Anayang'ana pansi. Pamiyala yochirikiza miyendo panali timilu ta ufa woyera. Monga mmisiri, anadziwa nthawi yomweyo kuti miyendoyo yatsala khungu lokha.

Rufina nayenso anaona. Anamukoka malaya n'kunong'ona, "Nenani tsopano, anthu asanakhale."

Victorino anayang'ana khamu la anthu, akuluakulu a mpingo, ndi ena omwe ankawakhomera mipando. Anapita kwa a Leonardo n'kunena motsitsa mawu, "Asewere, gomeli musalilemetse kwambiri, lakalamba."

A Leonardo anaseka, n'kumenya gome ndi chikhatho.

"Mlombwa wanu uja? Umenewu udzaona zidzukulutudzi, asewere!"

Anthu anaseka, ena anayamikira luso la mmisiri. Victorino anasekako nawo, n'kukakhala pampando.

Sesilia anali atakhala pamphasa m'mbali mwa gomelo, pamthunzi, akuyamwitsa mwana. Amayi awiri anatuluka kukhitchini atanyamula chimphika cha nyama ndi mbatata chomwe anali atangophula kumene, msuzi ukuwirabe. Anachikhazika kumapeto kwa gome, mbali yomwe kunali Sesilia.

Mwendo unathyoka. Gome linapendekeka, mphika unatsetsereka. Sesilia analibe nthawi yoimirira. Anangogwa chafufumimba pamwamba pa mwana wake, ndipo msuzi wonse unathera paphewa ndi pamkono wake wamanja.

Mwana sanapse ngakhale pang'ono. Anthu anamunyamula Sesilia pamachira kupita naye kwa masisitere ku Lifidzi, akulira njira yonse.

Anthu ali piringupiringu, a Leonardo anatola mwendo wothyoka uja. M'kati munali moyera, mwamabowo okhaokha. Ataufinya unafumbutuka m'manja mwawo. Anapita nawo pomwe panaima Victorino n'kumupatsira, anthu onse akuona.

"Mlombwa ndi wofiira mpaka m'kati," anatero.

Sesilia anagona kuchipatala mpaka anthu anamaliza kukolola. Anachira, koma khungu linakokana, mkono sunawongokenso. Khasu linamukanika, ngakhale kubereka mwana kumbuyo ankachita kumuthandiza.

Tsiku lomwe Victorino analimba mtima kukamuona, Sesilia anamulonjera mwaulemu, kenako anafunsa.

"Atate, zoti unali mkuyu ndamva, ndipo ndakukhululukirani. Koma ndiuzeni chimodzi. Tsiku lija munandiona nditakhala pamenepo ndi mwana?"

Victorino anayang'ana pansi.

"Ndinakuona, mwana wanga."

Sesilia anatembenukira kukhoma. Bambo ake anatenga chipewa chawo n'kutuluka.

Phunziro: Chinyengo chomwe mwachitira mlendo lero chimatha kudzagwera wa m'nyumba mwanu momwe. Ndipo mukaona ngozi ikubwera, manyazi asakutsekeni pakamwa, chifukwa manyazi amatha koma chipsera sichitha. Inunso ogula, musakopeke ndi utoto: palani kunsi muone thabwa, wogulitsa akwiye akwiye, pakuti mafuta ndi miyala sizingapulumutse mtengo wofumbwa kale. Musaisunge nokha nkhaniyi, ipatsireni abale ndi anzanu, makamaka amisiri.