Chisumbu cha mu Beseni

Beseni linali kale patebulo, madzi ali tho, pamene bambo wachilendo uja analowanso m'kalasi la giredi faifi n'kukakhala pa benchi yakumbuyo. Tsiku lachitatu limeneli. Eunice, mphunzitsi wa kalasilo, anamva mtima ukuwira.

Mwini sukulu anali atalengeza kuti temu ino achotsa mphunzitsi mmodzi, ndipo kuti ali ndi anthu ake omuuza amene akugona pantchito. Ndiye munthu wake ndi ameneyu: jekete yothimbirira, kabuku pabondo, pensulo yosapuma. Kazitape wopanda ndi manyazi omwe! Eunice anali ndi ana awiri ku Kafue Estates, opanda bambo. Ntchitoyi ikatha, adya chiyani?

Anaponya mwala pakati pa beseni, madzi n'kuthovukira ana akutsogolo. Anawauza kuti chisumbu ndi chimenecho, mtunda wozingidwa ndi madzi mbali zonse. Kontinenti ndi chimtunda chachikulu chonyamula mayiko ambirimbiri, monga Africa, mmene Zambia ndi kachigawo chabe, Kafue n'kadontho. Abel, mwana wamakani uja, anati nayo Africa yazingidwa ndi nyanja, ndiye yasiyana pati? Eunice anamuyankha kuti yasiyana kukula. Pa kontinenti ungakwere basi sabata yathunthu osaona nyanja, pamene zisumbu zambiri ungazizungulire ndi bwato.

Dzanja la bambo uja linakwera kumbuyo.

“Ba Madamu, bwerezaniko pang'ono. Mwathamanga.”

Ana anafa nako kuseka. Eunice anabwereza, mawu akutuluka m'mano, n'kulemba pabolodi mwamphamvu mpaka choko chinathyoka. Pensulo ija inangoti kwe kwe kwe. Ankadana naye munthuyu, kudana naye kwenikweni.

Dzanja linakweranso. Bamboyo anafunsa za malo amene madzi amawazinga kuyambira Januwale, koma pofika Seputembala anthu n'kumayendapo ndi njinga. Amenewo ndi chisumbu kapena kontinenti? Eya, msampha uja ndi umenewu. Akufuna ana aone mphunzitsi wawo akuchita chibwibwi. Eunice anayankha mouma kuti madzi akazinga ndi chisumbu, akaphwa abwerera kukhala mbali ya kontinenti. Bamboyo anagwedeza mutu n'kuweramiranso kabuku kake.

Apa ndiye zinamukwana. Anadutsa pakati pa madesiki n'kukaima pamaso pake. Anamuuza kuti apite akanene zonse kwa amene anamutuma, anenenso kuti Eunice sanatole dipuloma yake pamsika, ndipo kuti munthu wamkulu wodya za ukazitape ndi wonyansa. Kenako anatsomphola kabukuko kuti aone mabodza amene amulembera.

Munalibe dzina lake. Munali mawu ake a pabolodi, a masiku onse atatu, zilembo zokhotakhota, zina zoyang'ana kumbuyo, zopanda mipata. Pansi pake panali chithunzi cha beseni ndi mwala.

Bamboyo anaimirira.

“Ine sinidziwa kuwerenga, ba Madamu, nijambula chabe. Ba hedi ndiye ananilola. Ni za Taizya, mwana wanga, wa m'kalasi mwanu muno. Anabwera kwathu kuseri kwa Chanyanya pa holide, madzi yatseka njira, ndipo amake akana kuti akwere bwato chifukwa cha mvuu. Nikatsiriza kugulitsa nsomba nimupelekera kabuku aka. Funso ija ni yake.”