Tambala Amene Ankalota Akumuweramira

Padangokhala, kale nkhuku zikadalota masana, tambala wina dzina lake Chiphaliwali. Dzuwa likafika paliwombo, iye ankawodzera pansi pa nkhokwe, n'kumalota atakula ngati mtengo wa mango, anthu onse a m'mudzi akumuweramira.

Akadzuka, ankafuna malotowo achitike pompopompo. Anajompha atambala anzake mpaka onse anasamukira kuseri kwa khola, kenaka anayamba miyendo ya anthu. Kaya ndi mwana wosenza ndowa, kaya nkhalamba ya ndodo, iye ankangoithamangira, nthenga za m'khosi zitaima.

Bakha, amene ankasamba m'matope a pamjigo, anamuchenjeza kuti, "Achimwene, pakhomo pano munthu akakuyang'anitsani, muzithawa."

"Kuthawa n'kwa inu a mapazi ophwatalala," anatero Chiphaliwali. "Tiyeni tione amene anthu adzamupatse ulemu pakati pa inu ndi ine."

Tsiku lina masana kunafika apongozi ochokera kutali. Mayi wa pakhomopo anatuluka m'nyumba, maso ali pa ziweto. Nkhuku zonse zinabalalika, Bakha n'kulowa m'munda wa chinangwa. Chiphaliwali yekha ndiye anathamangira mayiyo, chifuwa chili patsogolo.

Mayiyo anaima. Kenaka anawerama pang'onopang'ono, atatambasula manja onse awiri, ndendende ngati m'maloto muja. Mtima wa Chiphaliwali unasungunuka ndi chimwemwe.

"Mwaona, a Bakha?" anafuula ali m'mwamba. "Mpaka andinyamula!"

M'chinangwa muja Bakha ankangomvera madzi ososolera nthenga akuwira kukhitchini.