Thireyi Yachiwiri

Zaka khumi ndi chimodzi ndinkadyetsa apongozi anga ndi supuni. Mwambo wa maliro awo utatha, ndinakwera sitima kupita kunyumba ina ya alendo kumapiri, kuti kamodzi kokha ndidyeko chophika wina.

Ndinafika kutada, msana ukuwawa. Ndinavula nsapato pakhomo, ndinakasamba kudziwe la madzi otentha, kenako ndinakhala pamkeka m'chipinda changa kudikira chakudya.

Mayi wotumikira alendo anatsegula chitseko cha pepala atagwada. Analowetsa thireyi yanga ya nsomba yowotcha, mpunga ndi msuzi wa soya wotchedwa miso. Kenako analowetsa yachiwiri.

"Pepani mayi, ndili ndekhatu ine," ndinatero.

"Aa, a Morishita, nthabwala zanuzo! Iyi ndi ya agogo munalowa nawo aja. Ati phala la mpungali lisakhale ndi mchere, adokotala anawaletsa."

Ndinayang'anitsitsa thireyi yachiwiriyo.

"Koma muwakonzere mkanjo wogonera uja," anawonjezera monong'ona. "Aika mbali yakumanja pamwamba, mmene timavekera maliro. Alendo ena angadabwe."

Anawerama n'kutseka chitseko. Kumbuyo kwanga, chakuwindo, mpando unalira. Kenako ndinamva kachifuwa kouma kaja ka apongozi anga, kamene kankandidzutsa usiku uliwonse.

"Chizuru. Ndili ndi njala."

Sindinakuwe, mphamvu zokuwira ndinalibe. Ndinayang'ana nsomba yanga ikufuka nthunzi, yosakhudzidwa. Dzanja langa linali litatola kale supuni, ndipo ndinali nditayamba kuuzira phala lija kuti lisawaotche.