Chikho Chokumbukira Ngumbi

Padangokhala, inu muziti tili tonse, mbalame zidasula chikho chonyezimira chokumbukira amene adayamba kuuluka padziko. Chitatha, mkangano udabuka: tilembepo dzina la yani?

Tambala, wapampando wa komiti, adati, "Agogo anga ndiwo adatsegula njira ya kumwamba. Ine ndidangosiya kuuluka chifukwa cha kuchuluka kwa misonkhano."

Ngumbi adasuzumira pachulu nati, "Pepani akuluakulu, ife tidayamba kuuluka inu musanamere nthenga."

Adagwirizana kuti mvula yoyamba ikagwa apikisane, ndipo wofika pamwamba kwambiri ndiye mwini chikho.

Mvula idagwa. Tambala adakupiza mapiko, nalumpha, nathera padenga la nkhokwe ali wefuwefu. Ngumbi ndi abale ake adapitirira nsonga ya mtengo wa mbawa aliyense akuona.

"Mwapambana," adatero Tambala. "Bwerani nonse mulandire ulemu wanu."

Koma chikhocho chidali chitadzaza madzi a mvula, ndipo ngumbi zikaona chowala sizidziletsa. Zonse zidagweramo, mapiko n'kuthothoka.

"A wapampando, tivuuleni, tikumira," adadandaula Ngumbi.

Tambala adakonza kukhosi. "Chikhochi n'chokumbukira, achimwene. Wamoyo timukumbukira bwanji? Tiyeni tonse tiweramitse mitu, tikhale chete mphindi imodzi polemekeza ngwazi zathu."

Mbalame zidaweramira m'chikho muja. Padalidi zii, poti milomo idali yodzaza.

Nthano yanga yathera apa, koma mwambowo ukadalipo. Umachitika chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa, ndipo palibe mbalame idajombapo.