Tambala ndi Mchere Wogwera mu Mchenga

Padangokhala Tambala, mkamwini wonyada, amene apongozi ake adamutuma mchere wa paukwati. Pobwerera, maso ali pa nthenga zake, adapunthwa, mchere wonse n'kukhuthukira mu mchenga. Adayamba kutola kamodzikamodzi, thukuta lili kamukamu.

Bakha adamupeza. "Achimwene, mukalambira pomwepo. Wolani zonsezo muthire m'madzi, mutakase, musefe ndi nsalu, kenako..."

"Basi, basi! Ine wodzutsa mudzi wonse ndiphunzitsidwe ndi wa mapazi ophwatalala?"

Bakha atapotoloka, Tambala adachita zomwezo mobisa. Pansalu padatsala mchenga wokhawokha, mumphika madzi oyera. Mchere osaoneka! Adaupatsa chidendene mphikawo, madzi onse n'kutayikira pansi, nathamangira Bakha.

"Wakuba iwe! Mchere wanga uli kuti?"

"Uli m'madzi muja, udasungunuka. Kawiritseni mpaka aphwe, muupeza pansi pa mphika uli mbee."

Tambala adacheukira dothi lonyowa lija.

"Ndimadziwa," adatero. "Ndimangokuyesani."

Alendo adadya ndiwo zosakolera. Mpaka lero Tambala amapalasa dothi, koma yesani kumufunsa chomwe adataya: akweza khosi, akuuzeni kuti kwacha.