Masola Openya ku Mseu

Panali munthu wina ku Mphamba, dzina lake Anderson, amene anali ndi makina oyengela mafuta a mpendadzuwa. Magetsi atayamba kuzimazima, iye ndi mkazi wake Linah anagula masola. Theka anagula mwamuna ndi fodya wake, theka mkazi ndi nshawa zake.

Mmisili woika masola padenga anati apenye kumpoto, kumene dzuwa limapendekela nyengo yozizila. Koma mseu unali kum'mwela.

"Kumpoto kuli chimbudzi ndi khola," anatelo Anderson. "Ndigule zinthu zodula kuti ziziona mbuzi? Apenye kumseu, aliyense wopita ku boma aone."

Mmisili anakana, Anderson anamuthamangitsa, naitana wina womvela. Mudziwa kale, munthu akagwila tundalama makutu amagontha. Ife osauka tikalankhula amati ndi nsanje.

Linah anayesako. "Atate ake Temwani, mu Juni mumaothela dzuwa mbali iti ya nyumba?"

"Kukhola."

"Nanga masola ndiye aothele kumthunzi? Mpendadzuwa umene muyengawu uli ndi nzelu kuposa inu, umadziwa kopenya."

"Amake Temwani, za makina si za azimai. Kaoneni ndiwo."

Juni anafika, nthawi yoyenga. Alimi a ku Magodi anabwela ndi ngolo zodzala matumba. Makina analila pang'ono masana, kenaka zii. Anthu anakhala padzuwa tsiku lonse, ng'ombe zili pagoli osadya. Mawa lake chimodzimodzi. Mlimi wina, Mabvuto, anaseka nati, "A Anderson, masola anu ndi okongola nadi. Tipake pa ndiwo kukongolako?"

Alimi anayamba kukweza matumba kuti azipita. Linah anaona kuti ngolo zikachoka, chaka chonse chapita. Anamanga chitenje, natenga sipanala, nakwela makwelelo anthu onse akuona.

"Tsikani!" anakuwa Anderson. "Mundichititsa manyazi!"

"Nditembenuze kapena ai?"

"Mukakhudza ngakhale imodzi, mupite kwanu lelo lomwe!"

"Yayi, musavutike kundithamangitsa. Ndipita ndekha. Koma nshawa zanga sizitsala pano kuonelela mabasi."

Anamasula masola ake okhaokha, ena a mwamuna osawakhudza. Mabvuto anatsitsa matumba awili kuti apeze malo, ndipo ngolo zomwe zija zinanyamula masola ndi mwini wake kupita ku Magodi. Kumeneko gulu la azimai linali ndi makina ang'ono oyengela ongokhala chifukwa dizilo ya jeneleta inawakanika kugula. Anaika masola kupenya kumpoto. Anagwilizana zoyenga dzuwa likakwela, kupeta ndi kusefa m'mawa, kuti makina asalile opanda mbeu. Sabata isanathe, mafuta anayamba kutuluka.

Masola otsala a Anderson sanathe ngakhale kudzutsa makina. Akulu a mpingo anapita kukamupempha Linah kuti abwelele kunyumba. Iye anawapatsa botolo la mafuta nati, "Mukawauze kuti akatembenuza masola padengapo, ndidzamva. Sipanala ndinaisiya pawindo."

Mpaka lelo sipanalayo ili pawindo, yachita dzimbili.

Phunzilo: Dzuwa silidziwa kuti ndiwe bwana, silidzasamuka kuti anthu akutame. Mvela wokuuza zoona, kaya ndi mkazi wako, kaya alibe nsapato. Tumizani nkhaniyi kwa onse ogula zinthu kuti aonedwe. Akakwiya, akwiye, tinazolowela.